Ndinasayina Katatu

Malalanjewo ndinawapeza Lachisanu m'mawa ndikufuna mkaka m'firiji. Analipo atatu m'kambale, pafupi ndi timabotolo ta mankhwala a shuga a apongozi anga. Lililonse linali ndi timabowo ting'onoting'ono paliponse, ndipo madzi ake anali atayamba kuchucha.

Wina akanati ndi tizilombo. Ine ndine namwino, zaka khumi ndi zinayi ndili m'wodi, lalanje lobayidwa ndimalidziwa ngakhale ndili patali. Nanenso ndinaphunzirira pa lalanje. Amuna anga ndinawaphunzitsira pa lalanje zaka ziwiri zapitazo, bambo awo atabwera kudzakhala nafe. Tsono m'nyumba mwanga munali munthu wina amene ankaphunzira kubaya jakisoni, ine mwininyumba osadziwa.

Ndikuuzeni kaye mmene nyumba yathu inkayendera, chifukwa ndinkainyadira kwambiri. Amuna anga ndi ophika buledi pa bekale ina yaikulu kutsidya kwa tauni. Amalowa ntchito kusanache, n'kuweruka 12 koloko. Ine ndimalowa 1 koloko masana, n'kuweruka 9 koloko. M'mawa nyumba ndi yanga: kubaya apongozi, kukonzekeretsa mwana wathu wamkazi, amene tonse timangomuti Kamphepo chifukwa sakhazikika, kumuperekeza kusukulu, kuchapa, kuphika. Masana nyumba ndi yawo: kukamutenga mwanayo, kumuthandiza homuweki, kubaya bambo awo jakisoni wamadzulo. Tinkakumana pakhomo mphindi khumi, iwo akuvula nsapato ine ndikuvala zanga.

Mphindi khumi sizikwana kunena zonse, ndiye ndinabweretsa nzeru ya kuwodi. Ndinagula buku lachikuto cholimba n'kulilemba mizere ndi lula: shuga wa ababa, jakisoni, chakudya, za kusukulu, zotsala. Pansi penipeni ndinasiya kamzere ka "zina". Zimene iwo alemba madzulo ndinkaziona m'mawa n'kusayina, zanga ankazisayina masana. Bukulo linkakhala pamwamba pa firiji, cholembera chomangirira ndi kachingwe kuti Kamphepo asathawe nacho. Alamu anga, alongo awo a amuna anga, ataliona anaseka mpaka kugwira nthiti. "Uwu ndi ukwati kapena wodi ya amuna?" Ine ndinawakumbutsa kuti kwawo mwana anaiwalidwapo kusukulu mpaka 5 koloko, kwathu ayi. Sanabwerezenso.

Ndinabweretsanso lamulo la kuwodi, loti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Tsiku lina ndinaphonya msonkhano wa makolo kusukulu, amuna anga n'kumaumirira kuti anandiuza pakhomo. Ndinawatsegulira buku. "Zilipo apa? Ngati simunalembe, simunanene." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anangoti, "Chabwino, mayi a Kamphepo." Amuna anga si munthu wamakani, ndipo ine ndinayesa kuti ndawina.

Ndinatenga kambale ka malalanje kaja kupita nako pabalaza. Apongozi anga anali aphunzitsi kale, mpaka lero amayankhula ndi munthu ngati walephera mayeso. Ndinawapeza pampando wawo wa pawindo, atapinda kale mkono wa malaya kudikira jakisoni.

"Ababa, malalanje awa akubaya ndani?"

"Mwadzuka bwanji, a Namwino? Kapena moni anathetsa?"

"Ndadzuka bwino, ababa, pepani. Kaya inu? Koma malalanjewa..."

"Ndi alamu anu. Akhala akubwera madzulo alionse sabata ino. Dzulo andibaya ine mwiniwake. Dzanja ndi lolemera ngati akukhoma msomali, koma azolowera."

"Akuphunziriranji?"

Anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana pamwamba pake. "Nanga amuna anu akapita kumapeto kwa mwezi, madzulo azindibaya ndani?"

"Akapita kuti?"

"Aa! Mukundifunsa ine? Mesa munasayina?"

Jakisoni ndinawabaya bwinobwino. Nditatha, ndinakatsitsa buku pamwamba pa firiji.

Ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba. Lachisanu la sabata yapitayo, pa kamzere ka "zina", amuna anga analemba ndi zilembo zawo zopendekeka: "Bekale ikutsegula nthambi kumzinda wina, ulendo wa maola asanu ndi awiri pa basi. Akufuna ndikakhale mkulu wa ophika. Tikambirane." Pansi pake panali siginecha yanga, yaikulu, yokhala ndi mchira. Lolemba analembanso: "Za zija ndinalemba, akufuna yankho Lachisanu 12 koloko isanakwane. Mukuganiza bwanji?" Siginecha yanga. Lachitatu analemba mawu anayi okha: "Mukanena kuti ndisapite, sindipita." Ndinasayinanso, ndipo pambali pake, ndi dzanja langali, ndinawonjezera kuti sopo wochapira watha.

Ndinakhala pansi pamalo pomwepo, msana utatsamira firiji. Sindikudzikhululukira, koma kuwodi munthu umawerenga lipoti la odwala makumi atatu m'mphindi zochepa. Maso amaphunzira okha kuthamangira manambala. Kamzere ka "zina" kankakhala kopanda kanthu pafupifupi zaka ziwiri zonse, mwina n'kupezamo zoti mpopi ukudontha. Maso anga anasiya kufikako kalekale, dzanja lokha n'limene linkafika.

Choyamba kubwera unali mkwiyo. Ndi munthu wanji amene amalemba nkhani yosamuka pakati pa shuga ndi sopo? Alibe pakamwa? Ndinkatukwana chamumtima uku ndikumupesa Kamphepo, mpaka mwanayo anakuwa kuti ndikumuzula tsitsi. Kenako ndinakumbukira amene anawaphunzitsa kulemba. Ndinakumbukiranso kuti sabata yonseyi ankaima pakhomo nsapato imodzi ili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Buku mwaliona?" Ine ndinkayankha ndili kale pageti: "Ndaona, ndasayina!"

Popita kusukulu Kamphepo ankadumpha zithaphwi za madzi m'mbali mwa msewu, chikwama chikumumenya kumsana.

"Amayi, adadi akuti azibwera mwezi uliwonse ndi makeke."

"Anakuuza liti?"

"Dzana. Akuti ndisalire, poti inu simunalire."

Ndinamusiya pageti la sukulu osamutsanzika bwino. Pobwerera ndinaimbira amuna anga kasanu, ndikudziwa bwino lomwe kuti mafoni amatsekera m'maloka akalowa ntchito. Kunyumba ndinaviika zovala, ndinazisiya. Ndinateleka madzi, ndinaiwala chimene ndimafuna kuphika. Ndinatsegula wodiropu kuti ndione ngati alongedza, ndinapeza malaya awo onse atasitidwa n'kupindidwa mbali imodzi. Ndinatseka, ndinatsegulanso. Apongozi anakhosomola pabalaza.

"A Namwino, simenti ya m'nyumba muno itha ndi kuyendayenda kwanuko."

Ndinatuluka panja n'kuimbira alamu anga.

"Alamu, mukuphunzira kubaya m'nyumba mwanga osandiuza?"

"Iii, alamu, achimwene anati mukudziwa, munavomera."

"Ndinavomera liti?"

"Anati anakufunsani katatu, katatu konse munasayina osanena kanthu. Ine ndinawauza kuti akuyankhuleni ndi pakamwa ngati anthu. Akuti anayesa pakhomo, inu maso ali pa wotchi. Ine za m'banja mwanu sindilowerera. Koma achimwene aonda, mwaona?"

Sindinaone. Ine amene ndimadziwa wodwala kuti watsika thupi ndisanamukweze pasikelo, amuna anga sindinawaone. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha. Ndinadula foni osatsanzika, ndinavala yunifomu, ndinaponya buku m'chikwama. Inali 10 koloko itadutsa kale.

Minibasi ndinaipeza ili ndi anthu anayi okha. Kondakitala ankakuwa ngati yatsala munthu mmodzi, dalaivala akuliza injini kutinamiza. Ndinatsika kuti ndikwere ina, inanso inali chimodzimodzi, ndinabwerera mpando wanga wa pawindo utatengedwa. Itanyamuka inkaima pa siteji iliyonse, ngakhale pamene munthu wangokanda mutu. Mayi amene ndinakhala naye anaona yunifomu n'kuyamba kundifotokozera za bondo lake. Ine ndinkangoti, "Ee, ee," maso ali pa wotchi.

M'mutu ndinkakonza mafunso, ndipo ndinawaika manambala ngati lipoti. Loyamba, jakisoni. Lachiwiri, kusukulu. Lachitatu, homuweki. Ndinkafuna ndikawaonetse kuti nyumba singayende popanda iwo, avomere okha kuti alakwitsa. Pamzere wa magalimoto wa pamlatho ndinalephera kupirira. Ndinatsika n'kuyenda wapansi, thukuta likutsetsereka kumsana.

Ku bekaleko ndinali ndisanapondeko zaka zisanu ndi chimodzi. Khomo lakuseri linali litasintha mbali, ndinazungulira nyumbayo kawiri. Bambo wina wonyamula mathileyi ananditsekera njira.

"Mukufuna ndani, mayi? Buledi amagulitsa kutsogolo."

"Amuna anga."

"Amuna anu ndi ati? Muno tonse ndife amuna a anthu."

Ndinangomudutsa. M'katimo munali kutentha ngati m'chifuwa cha munthu wamalungo, makina okandira ufa akulira mogonthetsa m'khutu. Ndinawaona kumapeto, pafupi ndi uvuni, atavala epuloni ndi kapu yoyera. Ankadula mtanda n'kumauponya pasikelo osayang'ana, akukuwira wina kuti atembenuze mathileyi. Mnzawo ananena chinachake, iwo anaseka mpaka kuweramira kumbuyo. Ndinaima chilili. Munthu amene kunyumba amayenda chonyang'ama kuti asadzutse wina, kuno ndiye amene aliyense ankamuyang'ana asanachite kanthu. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve nthawi yaitali, ndipo kunandipweteka. Lamba wa epuloni analinso atazungulira m'chiuno kawiri.

Atandiona, nkhope inasintha. Anabwera chothamanga akupukuta manja.

"Kwagwanji? Ababa?"

"Ali bwino."

"Kamphepo?"

"Ali kusukulu."

"Nanga?" Anafunsa moona mtima. Sanaone chifukwa china chimene chingandifikitse kumeneko.

Ndinatulutsa buku n'kuliika patebulo la ufa. Tinkachita kukuwa kuti timvane chifukwa cha makina aja.

"Ndawerenga lero!"

"Lero?"

"Lero! Nkhani ngati iyi mungailembe m'buku?"

"Munati ngati sindinalembe sindinanene."

Ndinathawira ku mafunso anga aja.

"Mukapita, jakisoni wamadzulo abaya ndani?"

"Achemwali. Aphunzira, dzulo abaya okha ine ndikuonerera."

"Nanga mwana kusukulu?"

"Mayi a nyumba yoyandikana nayo azimutengera limodzi ndi wawo. Tagwirizana."

"Homuweki?"

"Ababa. Akhala akuilakalaka kalekale, amati ine ndimamuuza mayankho."

"Mpopi wa kubafa?"

"Ndakonza Lachiwiri. Loko wa geti ndasintha. Zonse zili patsamba lomaliza." Anatsegula bukulo kumapeto n'kunditembenuzira. Tsamba lonse linali lodzaza, chilichonse ndi nambala yake, ndi foni ya woti n'kumuimbira. Ngakhale tsiku lotaya zinyalala linalipo. Likanakhala lipoti la kuwodi ndikanaliika pakhoma kuti ena aphunzirepo. "Musadandaule, mayi a Kamphepo. Palibe chimene chitsale. Simudziwa n'komwe kuti ndachoka."

Sananene monyoza ayi. Ananena ngati munthu amene wamaliza ntchito yake bwino ndipo akufuna umuyamikire. Zimenezo n'zimene zinandilasa mtima. Mafunso anga anali atatha onse, ndipo onse anali ndi mayankho abwino. Nyumba ikanayendadi popanda iwo. Ndinali nditaikonza ndekha kuti izitero, kuti aliyense wodziwa kubaya ndi kuwerenga wotchi athe kulowa shifiti yamasana.

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. Ndinayang'ana tsambalo kachiwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kufuna dzina langa. Panalibe.

"Nanga ine mwandisiya m'manja mwa ndani?"

Mawuwo anatuluka aang'ono, makina anawameza. Koma amuna anga ankandiyang'ana pakamwa. Anatembenuka, anapita pakhoma n'kudina batani lofiira. Makina onse anati zii. Ophika asanu ndi mmodzi anatembenukira kwa ife, wa mathileyi uja ataima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Bwerezani," anatero amuna anga. "Sindinamve bwino."

Anamva. Ndinadziwa kuti anamva, nawonso anadziwa kuti ndadziwa. Koma anali atadikira sabata yonse, ine sindikanalephera kudikiritsa manyazi anga mphindi imodzi.

"Ndati ababa mwawapezera munthu, mwana mwamupezera munthu, ngakhale mpopi. Ine mwandisiyira ndani? Sindikufuna mupite. Kapena ngati ntchitoyi mukuifunadi, tipite tonse, anamwino amafunika kulikonse. Koma musandisiye ndi buku."

Misozi inali itayamba, ndipo ine ndimalira moipa, mphuno ndiye imatsogola. Mmodzi wa ophika aja anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

Amuna anga anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kalata yopindidwa kanayi. M'mapindo mwake munali mutada ndi zala, ufa utalowa paliponse. Anandipatsa.

"Werengani. Mpaka pansi."

Ndinawerenga ndi chala, mzere ndi mzere, ngati mmene amachitira Kamphepo. Udindo, tsiku loyamba ntchito, nyumba ya chipinda chimodzi imene bekale ikawapatse. Ndinawerenga ngakhale timawu tating'ono timene munthu sawerenga. Pansi penipeni panali kamzere ka madontho kosayinapo. Kanalibe kanthu.

"Simunasayine?"

"Cholembera ndachigwira tsiku lililonse." Anapukuta chipumi ndi mkono, ufa n'kutsalira pansidze. "Ine sinditha kusayina msanga ngati anthu ena."

Ndinaseka uku ndikulira, zinatuluka ngati kutsamwa. Anatenga kalatayo n'kulowera ku ofesi ya abwana awo, ine n'kutsala pakati pa anthu osawadziwa. Wina anandikokera thumba la ufa kuti ndikhalepo, ndinakhala ndi yunifomu yomweyo. Mtima sunakhazikike ayi. Ndinkadziwa kuti mwina ndikuwalanda chinthu chimene amachitha bwino, malo amene amasekako. Ndinaimirira, ndinakhalanso. Chitseko cha ofesi chinatenga nthawi ngati akuchitamo opaleshoni.

Anatuluka kalata ikadali m'manja.

"Atipatsa mpaka Lolemba. Akuti tikakambirane." Anavula kapu. "Ndi pakamwa, kapena ndilembe?"

"Musandiyambe."

Ndinaimbira kuwodi kuwauza kuti sindibwera, koyamba m'zaka khumi ndi zinayi. Asisitala, mkulu wa anamwino, anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, koma zinatsala pang'ono.

Pa siteji tinakwera minibasi imodzi, tinakhala mpando umodzi. Sindinakumbukire kuti zimenezi zinachitika liti komaliza. Iyinso inali yosadzadza, kondakitala akukuwa bodza lomwe lija, koma wotchi sindinaiyang'ane. Tinali ndi masiku awiri oti tikambirane, ndipo sindinkadziwa poyambira. Buku linali pamiyendo panga, lotuwa ndi ufa. Ndinawayang'ana m'mbali, khosi, masaya, mkono umene unatsamira pawindo.

"Mwaonda," ndinatero.

"Papita miyezi itatu."

"Ine ndaona lero."

Anachotsa buku lija pamiyendo panga, analiika pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kugwira dzanja limene linasayina katatu.